Ife Tinapita ku Joni pa Ndege, Adzukulu Athu Akupita pa Basi

Mdzukulu wanga amene ali Folomu 3 anandipeza pakhonde madzulo ena ndikusoka ukonde. Anali ndi kope m'manja, nkhope itachita tsinya ngati munthu amene waluza mlandu koma mtima wake sunavomere. Anati aphunzitsi anawauza kuti atchule mitundu ya mtengatenga wa anthu onse. Ena anatchula basi, ena minibasi, ena sitima ya pamadzi ndi ya pamtunda. Iye atatchula ndege, anzake anamukuwiza, amvekere ndege ndi ya anthu olemera. Belu linalira nkhani isanathe.

"Agogo," anatero mwanayo, "m'mudzi muno amene mwatsala mwa anthu okwerapo ndege ndinu. Tandiuzeni, ndege ndi ya anthu onse kapena ayi?"

Ndinaika ukonde pansi n'kumuuza kuti akokere mpando pafupi. Funsoli linandikumbutsa ulendo umodzi wa mu 1970, umene ndinayenda wapansi, ndinakwera bwato, sitima ya pamadzi, sitima ya pamtunda ndi ndege, zonsezo m'masabata ochepa. Zimene ndinamuuza usiku umenewo ndi zimene ndalemba apa, kuti ana ena amvenso.

Ndinabadwa mu 1949 konkuno ku Nkhunga, m'dera la mfumu yaikulu Kanyenda. Kumene mukuona nzimbe zili yalaa lero kunali madambo, mabango, minda ya mpunga ndi chinangwa. Galimoto ikadutsa, ana tinkathamangira kumsewu kukanunkhiza utsi wake, ndipo nkhani yake inkakambidwa mpaka mawa. Boma la Nkhotakota, limene azungu ankalemba kuti Kota Kota, lili pa mtunda wopitirira makilomita 50 kuchokera kuno, ndipo ambiri tinkaudula ndi mapazi. Unkanyamuka tambala woyamba atalira, kamba wa chinangwa chootcha ndi usipa wouma uli m'kansalu. Dzuwa likapendeka unkapempha malo pamudzi uliwonse, pakuti mlendo sankagona panja.

Chokwera choyamba cha anthu onse chimene ine ndinadziwa chinali bwato wa owolotsa. Nyengo ya dzinja mitsinje ya Dwangwa ndi Bua inkadzaza mpaka m'mabango, ndipo ng'ona zinali zosayamba. Padooko la Bua panali bambo wina wachikulire, wa mapewa otambalala, amene ntchito yake inali yomweyo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Bwato wake unali wosema pa mtengo umodzi. Mawu ake ndimawamvabe: "Pondani pakati, khalani pansi, musagwire m'mphepete." Ankayamba wakwera kumtunda motsata gombe, kenaka n'kuulola mtsinje kuti umutsitsire tsidya, nkhafi ikungowongolera. Malipiro anali kobiri kapena tiki. Wopanda ndalama ankasiya dzira kapena kambale ka mpunga. Wodwala ndi wopita kumaliro ankawoloka ulere. Bamboyo sankafunsa kuti ndiwe Mtonga, Mchewa kapena Myao, wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi. Aliyense ankadziwa pamene bwatowo umapezeka, nthawi yake ndi mtengo wake. Bwato unali wa munthu mmodzi, koma dera lonse linkati "bwato wathu".

Za ndege tinkangomva kwa akuluakulu. Bambo anga ankasimba kuti chaka chimene ndinabadwa ndi chotsatira chake, ndege zikuluzikulu zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear paulendo wochokera ku England kupita ku South Africa. Zinkatera panyanja yathu yomweyi, pamene asodzi ankaponya makoka, koma msodzi sankalota n'komwe zolowamo. Chimene tinkachiona ndi maso athu chinali sitima ya Ilala. Usiku wopanda mwezi, tikakhala pagombe, nyali zake zinkaoneka patali ngati mudzi woyenda pamadzi. Amayi anga ankaiopa, chifukwa ankakumbukira sitima ya Vipya imene inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto, cha ku Chilumba, n'kupha anthu 145. Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba ntchito mu 1951, ndipo pang'onopang'ono mantha a anthu anatha.

Mu 1970 ndinali ndi zaka 21. Msonkho unkafunika, mbeta ndinali nditaiona, koma m'thumba munalibe kanthu. Anyamata amene ankabwera kuchokera ku Joni ankafika ndi njinga, wailesi, masutikesi ndi mabulangete, ndipo pamalipenga atsikana ankayang'ana iwo okha. Amalume anandiitana n'kunena kuti, "Mphwanga, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pita ukaone." Anandipatsa mashereni a ulendo, amayi anandikazingira mtedza, ndipo ine ndi anzanga awiri tinauyamba wa ku boma.

Tinadikira Ilala pamchenga wa ku Nkhotakota usiku wonse, pamodzi ndi khamu la anthu. Aliyense ankadziwa tsiku lake, moti ena anachokera kutali ndi matumba a mpunga ndi madengu a nsomba zouma. Italiza lipenga lake, gombe lonse linadzuka nthawi imodzi. Madzi a pa Nkhotakota ndi osaya, choncho sitima inaima patali n'kutsitsa maboti. Kuti ufike paboti unkalowa m'madzi mpaka m'chiuno, katundu ali pamutu. Ndinaona mayi wina atabereka mwana chapamwamba pafupi ndi khosi, mtondo uli pamutu, nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo zili m'manja. Mnyamata wina wosamudziwa anamulandira mtondowo osapemphedwa. Pamakwerero a sitima amalinyero ankatigwira mkono mmodzimmodzi, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde.

Ife a tikiti yotsika tinakhala pansi penipeni, pakati pa matumba, njinga, mbuzi ndi malata. Panali fungo la usipa, la mafuta a injini ndi la thukuta. Mwera utayamba, ambiri tinachita chizungulire. Gogo wina wamkazi amene anayala mphasa pafupi nafe ataona kuti ndafooka anandipatsa kachidutswa ka ndimu kuti ndiziyamwa, ndipo nyanja itadekha anamasula kapoto ka mpunga ndi chambo n'kutiuza kuti, "Sambani m'manja ana anga, paulendo palibe mlendo." Pamwamba panali azungu ndi mabwana, okhala ndi zipinda ndi mipando yawo. Kusiyana kunalipo ndithu, ndipo tinkakuona. Koma sitima inali imodzi. Bwana wa pamwamba ndi gogo wa pamphasa anafika pa Chipoka ola limodzi, ndipo mtengo wa pansipo unali woti munthu wogulitsa dengu la nsomba akanaukwanitsa.

Pa Chipoka njanji imakumana ndi nyanja. Tinakwera sitima ya pamtunda kudzera ku Golomoti, Balaka ndi Lirangwe mpaka Blantyre. Inkaima pa siteshoni iliyonse, amayi akugulitsa nthochi, mbatata ndi nzimbe pawindo. Nayonso inali yathu: unkagula tikiti, n'kukwera ndi katundu wako, n'kutsika pamene wafuna.

Ku Blantyre tinapita ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu okagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Dzinali lilipobe mpaka lero pa depoti ya mabasi mumzindawo, ngakhale ana ambiri okwera basi pamenepo sadziwa kumene linachokera. Anatiyeza thupi, anatimvetsera m'chifuwa, anatikweza pasikelo, tinadinda chala papepala. Mmodzi mwa anzanga aja anabwezedwa chifukwa cha chifuwa, ndipo analira ngati mwana. Otsalafe anatipatsa manambala, ndipo tsiku lathu litakwana anatitengera ku bwalo la ndege la Chileka.

Ndege ija inali ndi mainjini anayi a zipupa zozungulira. Tinalowa pamzere, aliyense ndi kathumba kake, n'kukhala m'mipando yothinana. Munali amuna okhaokha: a ku Mzimba, a ku Dedza, a ku Mulanje, a ku Fort Johnston kumene lero timati Mangochi. Mainjini atalira, thupi lonse la ndege linanjenjemera, ndipo macheza onse anatha. Bambo amene anakhala pambali panga, amene unali ulendo wake wachitatu, anandigwira bondo n'kunena kuti, "Meza malovu, makutu atseguka." Kumbuyo wina anayamba kupemphera chapansipansi m'Chiyao, wina m'Chitumbuka. Nditalimba mtima ndinasuzumira pawindo. Mtsinje unkaoneka ngati ulusi wotayidwa pansi, midzi ngati nyemba zomwazika, ndipo mitambo imene kwathu tinkaiyang'ana kumwamba poyembekeza mvula inali pansi pa mapazi anga. Ndinaganiza za amayi anga akupala chinangwa cha kondowole, osadziwa kuti mwana wawo ali pamwamba pa mitambo. Patangopita maola ochepa tinatera ku Francistown, m'dziko la Botswana. Kumeneko tinakwera sitima ya pamtunda mpaka Johannesburg, ku malo olandirira anthu otchedwa Mzilikazi, kumene anatigawa m'migodi yosiyanasiyana. Mtunda umene agogo athu ankauyenda miyezi, ena n'kutsalira m'njira, ife tinaudula m'masiku owerengeka.

Nditafika pamenepa mdzukulu wanga anawomba m'manja. "Ndiye kuti ndinalondola, agogo! Inu munali osauka koma munakwera. Ndege ndi ya anthu onse."

Ndinamuuza kuti adekhe. M'ndege ija munalidi amphawi okhaokha, ena opanda ndi nsapato zomwe. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagula tikiti. Amayi anga sakanaloledwa kukwera ngakhale akanabwera ndi ndalama zodzaza lichero. Mnzanga wa chifuwa uja anatsala pansi. Sitikanatha kunena kuti titsike pakutipakuti, kapena tibwerere mawa. Tsiku lobwerera linali lolembedwa kale, ntchito ya pangano ikatha. Ndege ija inali ya eni migodi, yonyamulira antchito awo, monga momwe lole ya esiteti imanyamulira odula nzimbe m'mawa. Kuchuluka kwa anthu okwera sikuchititsa chinthu kukhala cha onse. Bwato wa pa Bua unkanyamula anthu asanu, koma khomo lake linali lotsegukira aliyense. Ndege ija inkanyamula anthu makumimakumi, koma khomo lake linali la osankhidwa.

Ndinabwerako mu 1972, pa ndege yomweyo, ndi njinga, wailesi ndi ndalama zimene ankatisungira kuti tidzalandirire kuno kumudzi. Ndinakwatira, ndinamanga nyumba, ndipo ndinkakonzeka kupitanso. Kenaka tsiku lina wailesi yomwe ndinagula ku Joni ija inandiuza uthenga umene sindidzauiwala. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Anali paulendo wobwerera kwawo, ntchito atamaliza, mphatso za ana zili m'masutikesi. Bwalo limenelo ndinkalidziwa, mipando imeneyo ndinakhalapo. Usiku umenewo nsima inandikanika. Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa nthawi yomweyo kulemba anthu a ku migodi, pamene Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri anabwerera. Njirayi inatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, koma opita anali ochepa, ndipo mu 1988 inatsekedwa pa mkangano wa kuyeza magazi a kachilombo ka HIV. Kuyambira pamenepo mwana wa mlimi wa ku Nkhunga analibenso njira yolowera m'ndege popanda kugula tikiti. Ine sindinakwerenso mpaka lero.

Zaka zomwezo dera lathu linasintha nkhope. Fakitale ya shuga ya Dwangwa inayamba kugaya nzimbe mu 1979, ndipo ya ethanol inatsatira mu 1982. Anthu anabwera kuchokera m'maboma onse kudzafuna ntchito, msika wa Dwangwa unakula, msewu wa m'mbali mwa nyanja unathiridwa phula, milatho inamangidwa. Owolotsa aja anakokera mabwato awo kumtunda. M'malo mwawo tinazolowera basi ya kampani ya UTM. Ana a lero sangamvetse ulemu umene basi imeneyo inali nawo. Inali ndi nthawi yake, moti amayi kumunda ankati ikadutsa amadziwa kuti yakwana nthawi yokatereka mphika. Kondakitala ankakudulira tikiti ya pepala yolembedwa mtengo, ndipo mtengowo unali umodzi kwa wovala suti ndi wovala zigamba. Katundu ankakwera padenga: matumba a mpunga, njinga, mabedi. Inkachedwa, inkaima paliponse, nthawi zina inkafa panjira, koma inkanyamuka ngakhale mipando ina ili yopanda anthu, chifukwa nthawi yakwana. Mu 1989 mabasiwo anakhala a Stagecoach, mu 1997 anakhala a Shire Bus Lines, ndipo patatha zaka pafupifupi khumi kampani imeneyonso inatha.

Lero zokwera zachuluka kuposa kale lonse. Pasiteji ya Dwangwa pali maminibasi, timagalimoto ta Sienta, malole a matola, njinga zakapalasa ndi zamoto za kabaza. Sindinyoza ana amene akugwira ntchito imeneyi. Mpongozi wanga atayamba kudwala matenda a amayi pakati pa usiku, amene anamufikitsa kuchipatala cha Nkhunga ndi mnyamata wa kabaza, ndipo mwana amene anabadwa usikuwo ndi yemwe ankandifunsa mafunsoyu. Kabaza amafika kumene basi siingafike, amanyamula aliyense, ndipo mtengo mumagwirizana. Ngakhale amanyamula munthu mmodzi kapena awiri, kwa ife iye ndiye walowa m'malo mwa bwato wa owolotsa. Chimene ndimadandaula ndi chakuti nthawi ndi mtengo zinachoka m'manja mwa wokwera. Minibasi imanyamuka ikadzaza, kaya mudikira maola awiri. Pampando wa anthu atatu mumakhala anayi. Mafuta akasowa, mtengo wa m'mawa sukhala wa madzulo, ndipo nkhalamba imene inawerengera ndalama zake kunyumba imatsala pasiteji ili jenkha.

Nanga ndege ya matikiti, imene aliyense angakwere? Air Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu wathu, ndipo inaima payokha mu 1967. Inali ya boma, kutanthauza kuti inali ya tonsefe, ndipo tinkanyadira kumva kuti ndege yathu ya VC10 ikufika mpaka ku London. Inatha mu 2013, ndipo mu 2014 inayamba kuuluka kampani yatsopano imene boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Zaka zonsezi, mwa anthu amene ndinakula nawo, sindikudziwa ndi mmodzi yemwe amene anagula tikiti ya ndege ndi ndalama za mpunga kapena za usipa. Ku Dwangwa kuno kuli kabwalo ka ndege, koma timandege totera pamenepo timabwera pa ntchito za eni ake; palibe zenera logulitsira matikiti loti mayi wa geni akaimepo. Ilala si yaulere, basi si yaulere, koma mitengo yake ili pamene dzanja la munthu wamba lingafike. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa ife a kunyanja kuno ndege idakali fodya wa pachala.

Zimenezi ndinaziona bwino tsiku limene tinaperekeza mwana wanga wamkazi, namwino, amene anapeza ntchito ku Scotland. Tinadzuka usiku, tinakwera minibasi mpaka Nkhotakota, ina mpaka Salima, ina mpaka Lilongwe, tinagona kwa achibale, m'mawa n'kupita ku Lumbadzi, ku bwalo la Kamuzu limene linatsegulidwa mu 1983. Operekeza tinali asanu ndi awiri, wokwera mmodzi. Pakhomo lolowera okwera okhaokha anagwada n'kunena kuti, "Bambo, tsalani bwino, muzindipempherera." Amayi ake anamukonza kolala ya malaya ngati akupita kusukulu tsiku loyamba. Tinaima panja mpaka ndege inasanduka kadontho. Iye anafika ku Addis Ababa ife tisanafike n'komwe ku Nkhunga. Ndinayang'ana anthu amene anali pabwalopo ndipo ndinaona kuti ambiri anali ngati ife: obwera kudzaperekeza ndi kudzachingamira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Anyamata a kuno akupitabe ku Joni, monga tinkachitira ife, chifukwa njala yake ndi yomweyo. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndege imafika ku Johannesburg m'maola osakwana atatu. Koma iwo amakwera basi, kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, masiku awiri kapena atatu ali khale pampando, miyendo itatupa. Ife, osaphunzira, tinapita pa ndege zaka zoposa 50 zapitazo chifukwa panali wina amene ankafuna mphamvu zathu mwamsanga. Adzukulu athu, a masatifiketi ndi mafoni m'manja, akupita pa basi chifukwa ulendowo akulipira okha. Pamenepa m'pamene munthu angaone kuti ndege ija sinali yathu.

Komatu sindikunena kuti ndege singakhale ya anthu wamba. Mwana wanga uja anandiuza pafoni kuti kumpoto kwa Scotland, dziko lomwe linapanga Ilala, kuli zilumba za Orkney. Pakati pa zilumba ziwiri, Westray ndi Papa Westray, pamayenda kandege kamene ulendo wake umatenga mphindi ziwiri zokha. Mumakwera aphunzitsi, azachipatala, ana asukulu ndi anthu a pachilumbapo, ndipo boma la kumeneko limathandizira kuti mtengo ukhale wotsika. Kumeneko kandegeko ndi bwato wa owolotsa. Nditamva zimenezi ndinaganiza za abale athu a ku Likoma ndi Chizumulu. Ku Likoma ndege zimatera, koma ambiri otsikamo ndi alendo odzaona nyanja. Mwini chilumba, pofuna kupita ku Nkhata Bay ndi wodwala kapena kukagula chimanga, amadikira sitima. Choncho nkhani siili pa mapiko kapena mateyala. Ili pa zimene dziko lasankha kuti anthu ake azikwanitsa.

Ndipo tisaiwale kumene tachokera. Mu Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, madzi analowa m'midzi, msewu wa M5 unaduka, anthu masauzande anasowa pokhala. Masiku amenewo minibasi inaima, Sienta inaima, njinga yamoto inaima. Chimene chinatsitsa anthu m'mitengo ndi pa zulu n'kuwafikitsa kumtunda chinali boti ndi bwato. Ndinaona anyamata a kuno akupalasa tsiku lonse, osafunsa dzina la munthu kapena mtundu wake, ndipo ndinakumbukira bambo wa padooko la Bua uja.

Mwezi unali utakwera pamene mdzukulu wanga anatsegula kope lake. "Ndiye ndilembe chiyani, agogo?"

Ndinamuuza kuti alembe motere. Chokwera cha anthu onse ndi chimene chimanyamula aliyense wolipira, mosasankha nkhope, panjira yodziwika ndi pamtengo wodziwika, kaya mwini wake ndi boma kapena munthu wamba. Pa muyeso umenewu ndege ya matikiti, youluka pa nthawi yolengezedwa, ili m'gulu limodzi ndi basi ndi Ilala, ndipo iye sanalakwe kuitchula. Ndege ya kampani yonyamula antchito ake, ya asilikali, kapena yochita kubwereka munthu mmodzi, siili m'gulumo, ngati momwe galimoto ya bwana siili m'gulu la mabasi. Koma ndinamuuza kuti asalekere pomwepo, chifukwa anzake aja nawonso sananame. Alembenso kuti chinthu chimene lamulo likuti n'cha onse, koma mwa anthu a m'mudzi wonse palibe angachikwanitse, n'cha onse papepala pokha.

Kwa inu amene muli ndi udindo pa za mtengatenga, pempho la nkhalamba ya ku Nkhunga ndi lalifupi. Tikonzereni msewu wa M5 ndi milatho yake kuti mvula ikagwa tisamadukidwe. Ilala yatumikira zaka zoposa 70. Ipezereni yoilowa m'malo isanatope, ndipo pa Nkhotakota pakhale dooko loti amayi azikwera sitima osalowa m'madzi ndi ana kumsana. Tibwezereni basi yokhala ndi nthawi yake ndi tikiti yolembedwa mtengo. Mukatero muganizirenso za ndege yoti wodwala wa ku Likoma ndi mnyamata wopita ku Joni angaikwanitse. Ndipo inu ana a sukulu, mukamaphunzira za mayendedwe, muzifunsa funso limene bambo wa padooko uja analiyankha ndi nkhafi yake: kodi mayi wa dengu la usipa angakwere? Akakwera iyeyo, chokweracho n'cha anthu onse.